Fulashi ya a Goodman

Pa Migowi pano ankati kanthu kamene a Goodman ankavala m'khosi kanali kokhwima. Ankati anakatenga kutsidya, ku Mozambiki, kwa nkhalamba ina ya diso limodzi. Ankati kankamvera dzanja lawo lokha, ndipo munthu wina akangokagwira, zala zake zidzauma ngati mapesi a nandolo. Ine sindikuti zinali zoona. Komanso sindinakagwirepo, ndipo zala zanga ndi izi, zonse zikupindika bwinobwino.

Kanthuko kanali fulashi, kaja amabaya m'kompyuta, kotalika ngati chala chaching'ono, kokulungidwa ndi tepi wakuda mpaka kuoneka ngati chithumwa, kolendewera pa chingwe cha nsapato. Kumunda anali nako. Kutchalitchi anali nako, pamwamba pa tayi. Posamba ankakakoleka pa mpanda wa bafa, ndipo a Eveles, akazi awo, amati bamboyo ankasamba kumaso mbali imodzi, kenako inayo, kuti diso limodzi lisachoke pamenepo.

Ntchito ya a Goodman inali kudzutsa makompyuta okana kuyaka. Kashopu kawo kanali kuseri kwa msika, pakati pa wometa ndi wogula nandolo. A Eveles ankagulitsa chinangwa chophika ndi nyemba za kalongonda pakhonde pa kashopuko, ndiye zonse za m'katimo zinkadutsa m'makutu mwawo, afune asafune.

Mawu oti "yafa" a Goodman sankawalola m'shopu mwawo. Tsiku lina a Brown, ojambula zithunzi aja, anatulukira atanyamula kompyuta m'manja ngati mwana wakomoka, thukuta lili kamukamu.

"A Goodman, yafa!"

"Mwaiika kale m'manda?"

"Ayi."

"Nanga maliro mukulengeza a chiyani? Khalani pansi. Munaichita chiyani?"

"Palibe."

"Ee, onse obwera muno sanaichite kanthu. Zimangodzikhalira zokha n'kukwiya. Amake Aliness, apatseni chinangwa a Brown, mwina akumbukira."

Ndipo a Brown, chinangwa chili m'kamwa, anakumbukira kuti anaizimitsa pozula chingwe kukhoma, chifukwa minibasi ya ku Limbe inali ikuwasiya.

Apa a Goodman ankayamba ulaliki wawo, umene a Eveles ankatha kuunena ngakhale ali m'tulo. Kompyuta, iwo ankatero, ndi nyumba. M'katimo muli mwini nyumba, amene amatsegula chitseko mukagogoda. Akadwala, chitseko sichitseguka, koma katundu wanu ali momwemo, sanapite kulikonse. Ndiye timatuma mlendo, uyu ali m'khosiyu. Iye amalowera pazenera ndi nyali yakeyake, n'kutionetsa katundu yense.

"Choyamba, katundu kaye. Timatulutsa, timaika pabwino. Tikatero ndiye timufunse wodwalayo pamene pakumupweteka."

"Osangoifomata bwanji?" anatero a Brown, kunena zija zofufuta zonse n'kuyambira pachiyambi.

A Goodman anavula magalasi pang'onopang'ono.

"A Brown, akazi anu akadwala mutu, mumawotcha nyumba?"

Tsono chimene chinawapatsa mbiri ndi kachitidwe kake. Ankavula kanthu kaja m'khosi, kukabaya pambali pa kompyuta, n'kunena mwaulemu kuti, "Odi kuno." Akangodina batani loyatsira, chala chinali chitayamba kale kugogoda batani lina la mzere wapamwamba, mofulumira, mosalekeza, ta-ta-ta, ta-ta-ta, ndendende ng'oma ya gule wa tchopa. Phewa linkayamba kugwedezeka lokha. Kukhosi kunkatuluka kanyimbo kopanda mawu. Kompyuta imene inali bii ngati mphika inkaphethira, n'kuonetsa timawu toyera. Anthu oonerera pazenera ankabwerera m'mbuyo pang'ono. Wometa uja ankati ndi nthawi imeneyo imene a Goodman amaitana nkhalamba ya diso limodzi ija.

A Eveles anawafunsapo kuti bwanji osawauza anthu zoona.

"Zoona zake ziti?"

"Kaya. Inuyo mukudziwa."

"Ndikawauza, aziibwereka. Munaonapo chinthu chobwerekedwa pa Migowi chikubwerera?"

Yankho limenelo silinawakhazike mtima pansi a Eveles, chifukwa silinali inde, silinali ayi.

Kunabwera a Wilson, mkulu wa mpingo, ndi kompyuta ya kwaya, amayi atatu akuwatsata pambuyo. Anati mdyerekezi walowamo, poti yakana kuyaka pamene Lamulungu lotsatira kunali kuyimba kwakukulu. A Goodman anasuzumira kumbuyo kwa kompyutayo, anakanda chibwano, n'kunena kuti matenda otere amafuna pemphero. A Wilson anakweza manja, amayi anatsinzina. A Eveles ali pa malonda satsinzina, ndiye anaona dzanja la amuna awo likuzembera kumbuyo kuja, kuzula kafulashi ka nyimbo kamene akwaya anaiwala komweko, n'kudina batani. Pa "Amen" penipeni kompyuta inalira kanyimbo kake koyakira. Mayi mmodzi analulutira mpaka wogula nandolo anataya sikelo.

Atachoka, a Eveles anati, "Abambo a Aliness, simuopa Mulungu?"

"Ndawauzatu kuti asamasiye kanthu kumbuyo poyatsa. Kompyuta imasokonezeka, imayamba kufuna mwini nyumba m'thumba la munthu wodutsa."

"Nanga pemphero lija?"

"Lalakwa chiyani? Dzanja langali analituma ndani?"

Kunabweranso a Dyson, ogulitsa nsomba a ku Chilwa, laputopu ili m'dengu la matemba pa njinga. Amphaka onse a pamsika anawaperekeza mpaka pakhomo. A Goodman atatsegula kunsi kwake, munatuluka mphemvu, banja lathunthu, agogo ndi zidzukulu, n'kulowera kwa wometa.

"Munaichita chiyani?"

"Palibe."

"Amake Aliness, chinangwa."

Zinapezeka kuti a Dyson ankaikapo kapu ya tiyi kuti asazizire, poti makinawo amatentha. A Goodman sanakalipe. Anabaya mlendo wawo, anagogoda ng'oma yawo, ndipo anakhala masana onse akutulutsa katundu wa a Dyson. Katundu wake? Mafilimu a anthu omenyana atavala makabudula, basi, palibenso china. A Eveles anati kumeneko n'kutaya dzuwa.

"Katundu ndi katundu," anatero a Goodman. "Simudziwa chimene chimamugoneka munthu kunyanja."

Koma wodwala wamkulu anali kwawo komwe. A Goodman anali ndi kompyuta yawoyawo yakalekale, yaikulu ngati khola la nkhuku, yolira ngati chigayo chikamayamba. A Eveles ankaitcha "mkazi mnzanga." Inkadwala sabata ndi sabata, ndipo bamboyo ankaidzutsa ndi chikondi chimene mayiyo amati iwo sanachionepo ngakhale atagona ndi malungo.

"Mnzanuyu wagona bwanji lero?" ankatero a Eveles akumanga dengu.

"Akudandaula kuti simumupatsa moni."

"Akayamba kutunga madzi ndidzampatsa."

Chaka cha madzi a namondwe wa Freddy, m'mawa umene khoma la nyumba yawo linayamba kupendekera, a Eveles anathawa ndi mbuzi ndi thumba la ufa. Atacheuka anaona amuna awo akubwera, madzi ali m'chiuno, mkazi mnzawo ali pamutu atamufunditsa jekete la suti. Matiresi anapita. Mapoto anapita. Chikwama cha zithunzi zonse za banja, kuyambira cha ukwati wawo, chinapita. A Eveles sanawalankhule mpaka madzi ataphwa. Atayamba kuwalankhula, mawu oyamba anali oti, "Akuphikireni yemweyo."

M'kompyutamo ndimo munali vidiyo ya ukwati wa mwana wawo Aliness, imene a Brown anajambula. Kwa a Brown inafufutika kalekale. A Goodman ankati adzaiika pa foni ya akazi awo. Ankati mawa. Munthu amene ankalalikira dziko lonse kuti katundu kaye, wakewake anamusiya m'nyumba ya wodwala.

Anamwalira nthawi yokolola nandolo. Anangoti mutu, n'kukhala pansi pa mthunzi wa mtengo wa mango, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atapita. Amuna osambitsa thupi anakangana za kanthu ka m'khosi kaja. Pomaliza wina anakakola ndi kamtengo pa chingwe, monga timachotsera njoka panjira, n'kukagwetsera m'kapu. Kapuyo anaipereka kwa a Eveles atatambasula mkono wonse.

Pogawa katundu, achibale a mwamuna anatenga njinga, suti ija, wailesi ndi mabokosi a zingwe. Kompyuta inagwera Elton, mwana wa mlongo wawo wa malemu, amene amaika nyimbo m'mafoni a anthu ku Limbe. Kapu ija aliyense anaiyang'ana n'kuyamba kukamba za mvula.

Elton sanali munthu woipa. Anati, "Azakhali, ikhale kaye kuno, muzionera vidiyo ija mpaka ndipeze galimoto." Anawayatsira, n'kupita. Koma chithunzi chisanatuluke magetsi anathima, ndipo magetsiwo atabweranso, mkazi mnzawo uja anangoonetsa mdima ndi kamzere kamodzi ka chizungu. A Eveles anayesa m'mawa, anayesa masana. Mdima womwewo.

Elton pafoni anati, "Musadandaule. Ndibwera Loweruka, ndikaifomata, iyambiranso ngati yatsopano."

"Nanga za m'katimo?"

"Aa, zimenezo ndiye zipita, azakhali."

A Eveles sanauze munthu, koma panali chinthu chimene chinkawadya. Nkhope ya amuna awo ankaikumbuka. Kayendedwe ankakakumbuka. Koma mawu anali atayamba kuthawa. Akayesa kumva "amake Aliness" m'mutu mwawo, ankamva mawu a wometa, kapena a a Wilson, kapena awoawo. Munthu wolongolola chonchija, amene ankamuuza tsiku ndi tsiku kuti atseke pakamwa, tsopano anali atatsekadi. Ndipo malo okhawo pa dziko lapansi pamene mawuwo anatsala anali m'mimba mwa mkazi mnzawo.

Anapita kwa a Brown. A Brown anati akudziwa kuti pafunika fulashi ija, koma ntchito yawo ndi ya zala, ndipo ali ndi ana. Anapita kwa a Wilson. A Wilson anati pemphero ali nalo, koma m'kapumo ayi. Lachisanu masana, ali pakhonde pa shopu yotseka ndi dengu lawo, anafika a Temwa, alangizi a zaulimi ochokera ku Rumphi, kudzagula kalongonda. Laputopu ya a Temwa inadzutsidwapo kangapo m'shopu imeneyo, ndipo iwo sankabwerera m'mbuyo ng'oma ikayamba, ankasendera pafupi.

Atamva nkhaniyo anati, "Amama, ine ndinkaona mmene malemu ankachitira. Zikatseguka, chizungucho ndiwerenga. Tiyeni."

Kunyumba a Eveles anatsitsa kapu pamwamba pa kabati. Onse awiri anasuzumiramo.

"Inu a kumpoto simuopa izi?"

"Kwathu ziliko zoposa izi," anatero a Temwa, manja ali kumbuyo. "Si kuti ndikuopa. Koma ndi katundu wa pabanja."

A Eveles anasuzumiranso m'kapumo. Anakumbukira kuti kanthu aka kankawagunda pachipumi bamboyo akamatembenuka pamphasa, zaka zonsezo, ndipo chipumi chawo sichinaume. Koma chipumi si chala. Anayang'ana zala zawo, zimene zimasenda chinangwa, zimene zimawadyetsa. Anayang'ana mkazi mnzawo ali duu pa tebulo. Kenako anapisa dzanja m'kapu.

Kanali kopepuka. Chingwe chinali chikununkhabe thukuta ndi sopo wa malemu. Zimenezo ndi zimene zinatsala pang'ono kuwagwetsa, osati mankhwala.

A Temwa anawalozera pobaya. Batani logogoda silinavute kupeza: pa mzere wapamwamba panali limodzi lofufutika zilembo, losalala, lolowa m'kati ngati mwala wonolerapo. A Temwa anayatsa, anadikira kuti sikirini iwale, n'kulidina kamodzi, mwaulemu wa mu ofesi. Mdima, ndi kamzere kaja. Anazimitsa, anayesanso. Chimodzimodzi.

"Mwina n'zoona," ananong'ona a Temwa. "Mwina imamvera iwo okha."

A Eveles anapukusa mutu. Chizungu sachidziwa, makompyuta sawadziwa, koma phokoso la m'shopu muja linali m'makutu mwawo ngati kulira kwa tambala wa pakhomo.

"Sizinkamveka choncho. Inu mukudikira. Iwo sankadikira. Komanso simunaodire."

Anakhala pampando wa amuna awo. Anakonza chitenje. Anayang'ana kompyuta ija maso ndi maso, koyamba chiibweretsereni m'nyumbamo.

"Odi kuno, mnzanga," anatero. "Ndine amake Aliness. Tinkayambana, koma mwamuna anali mmodzi."

A Temwa anadina choyatsira, ndipo chala cha a Eveles chinali chitayamba kale. Ta-ta-ta, ta-ta-ta. Poyamba chinali cholimba ngati khasu. Kenako phewa linagwedezeka lokha, ndipo kukhosi kwawo kunatuluka kanyimbo kaja kopanda mawu, kamene sankadziwa n'komwe kuti akukadziwa. Sikirini inaphethira. Timawu toyera tinandandalika.

"Imani, amama, imani! Yafunsa kuti tilowe ndi ndani."

A Temwa anasankha dzina la fulashi. Chigayo chinalira, chinalira, kenako panatuluka chithunzi chachilendo, chosakhala cha masiku onse, ndi timabokosi tachikasu. Mlendo anali atalowa ndi nyali yake. A Temwa anatsegula uku, anatsegula uko, mpaka anapeza kolembedwa kuti ukwati wa Aliness.

"Ndi iyi! Tionere?"

A Eveles anasendera pafupi. Dzanja linanyamuka lokha kuloza sikirini. Koma analibweza n'kuliika pa bondo.

"Ayi. Katundu kaye."

Anatulutsa foni yawo m'chitenje. A Temwa anailumikiza ndi chingwe, ndipo kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa ngati nkhono. A Eveles anakhala akukayang'ana osaphethira, akukakalipira chamumtima monga ankakalipira amuna awo akamachedwa kuvala. Katafika kumapeto, a Temwa anazula foni n'kuwapatsa, n'kutembenuka kuti atsegule vidiyo pa sikirini yaikulu. Pomwepo chigayo chinati zii. Magetsi anapita.

Anayang'anana. A Temwa anayamba kuseka, a Eveles nawonso, kuseka kuja kumene kumathera kwina.

Anakaonera pakhonde, pa kafoni kong'aluka galasi, mitu itagundana. Anthu, fumbi, ng'oma. Kenako a Goodman, suti ija ili pathupi, akuvina tchopa pakati pa bwalo, fulashi ikudumphadumpha pachifuwa. Anatembenukira kumbali, anakweza dzanja, n'kufuula:

"Amake Aliness! Siyani mapotowo, bwerani tivine, anthu aone chimene ndinasiyira kwathu!"

Mawu ake omwewo, okwera kumapeto, osasa pang'ono. Ndipo chapatali, kumbuyo kwa utsi, kunamveka mayi wina akuyankha mokalipa: "Ndikubwera, ndipakule kaye!"

Vidiyoyo inapitirira mpaka kumapeto. Mayiyo sanabwere.

"Bwezani pamene akuitana paja," anatero a Eveles. A Temwa anabweza. Anabwezanso. Kenako anawaonetsa pokhudza kuti azibweza okha, n'kunyamuka mwakachetechete, kalongonda wawo n'kumuiwala.

Loweruka Elton anabwera ndi galimoto. A Eveles anapukuta mkazi mnzawo ndi chitenje chatsopano, n'kumuuza Elton kuti amuike kutsogolo, asamuike kumbuyo ndi matumba.

Shopu ija pano muli wogulitsa zovala za kaunjika. Makompyuta a pa Migowi akadwala masiku ano amangofa, ndipo palibe amene amafunsa mwiniwake kuti anaichita chiyani, palibenso amene amamudyetsa chinangwa kuti akumbukire. Amphaka amaperekezabe a Dyson, koma amathera panjira. Wometa amati masana kumakhala zii mpaka amamva lumo lake lomwe. A Eveles amakhalabe pakhonde pomwepo ndi dengu lawo, ndipo malonda akachepa mumawaona ataika foni kukhutu. Odutsa amaganiza kuti akuyankhula ndi Aliness. Nthawi zina milomo yawo imayenda, koma sindinasenderepo kuti ndimve chimene amayankha.

Tepi wakuda uja anamatuka yekha ndi kutentha. Pansi pake panali pulasitiki wabuluu wosweka pakati, umene a Goodman anaumanga kuti usagwe. A Temwa anaibwereka fulashiyo, inadzutsa laputopu yawo, ndipo anaibweza. A Brown anaibwerekanso, sanabweze mpaka lero. Zala za onsewo zili bwino. M'fulashimo munalibe mankhwala.